Laputopu yakale ndi Wi-Fi: njira zoilumikizira ku intaneti popanda chingwe

Malaputopu ambiri amene akugwira ntchito m'nyumba, m'sukulu ndi m'maofesi ang'onoang'ono m'dziko muno adafika atagwiritsidwapo kale ntchito kwina. Ena adagulidwa m'masitolo a ku Limbe, ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, ndipo ena adatumizidwa ndi achibale okhala ku South Africa kapena ku Britain. Makina otere amalemba bwino komanso amasunga zithunzi ndi zikalata, koma ena mwa iwo amakanika kulowa pa intaneti popanda chingwe. Kwa wophunzira wa kukoleji amene ayenera kutumiza ntchito kwa mphunzitsi wake, kapena kwa wofuna ntchito amene kalata yake iyenera kupita pa imelo tsiku lotseka lisanakwane, vutoli si laling'ono.

Chomvetsa chisoni n'chakuti eni ake ena amaitaya laputopu yotere kapena kuigulitsa motchipa, pomwe vuto lake likadatha ndi kachipangizo kakang'ono ngati chikhadabo. Ena amagula kachipangizo kolakwika n'kutaya ndalama. Zonsezi zimapeweka munthu akadziwa zimene zili m'makina ake ndi zimene zikusowa.

Wi-Fi si intaneti

Wi-Fi ndi njira yolumikizira zipangizo zoyandikana pogwiritsa ntchito mafunde a wailesi m'malo mwa chingwe. Payokha sipereka intaneti. Imangonyamula uthenga kuchoka pa laputopu kukafika pa chipangizo china chimene chili ndi intaneti, monga router ya muofesi, MiFi, kapena foni imene yatsegula hotspot. Chipangizo chachiwiricho n'chimene chimalumikizana ndi kampani yopereka intaneti, monga TNM kapena Airtel, ndipo bandulo imadyedwa kumeneko. Choncho munthu amene waika Wi-Fi mu laputopu yake afunikabe malo oitengera intanetiyo.

Malamulo a mmene zipangizo zimalankhulirana pa Wi-Fi amalembedwa ndi bungwe la akatswiri la IEEE ndipo amadziwika ndi nambala yoti 802.11. Oyamba adatuluka mu 1997 ndipo liwiro lake linkathera pa 2 Mbps. Mu 1999 mudatuluka 802.11b ya 11 Mbps ndi 802.11a ya 54 Mbps. Chaka chomwecho kampani ya Apple idayamba kugulitsa laputopu ya iBook imene inkalola kuikamo kadi ya Wi-Fi yotchedwa AirPort. Mu 2003 mudatuluka 802.11g ya 54 Mbps, ndipo kampani ya Intel idabweretsa Centrino, dongosolo limene lidachititsa kuti Wi-Fi ikhale chinthu chachizolowezi m'malaputopu. Kenaka kudabwera 802.11n mu 2009, imene lero imatchedwa Wi-Fi 4, ndi 802.11ac mu 2013, imene ndi Wi-Fi 5. Wi-Fi 6 ndi dzina la 802.11ax.

Mbiriyi ili ndi phunziro limodzi lalikulu. Laputopu yopangidwa chaka cha 2003 chisadafike ikhoza kukhala kuti ilibedi Wi-Fi. Koma yopangidwa m'zaka zotsatira kawirikawiri imakhala nayo, ndipo ikakanika kulowa, chifukwa chake chimakhala chakuti kadi yake yazimitsidwa, yafa, ilibe pulogalamu yoiyendetsa, kapena ndi yakale kwambiri moti sikumvana ndi zipangizo zamakono.

Mafunde a Wi-Fi amene zipangizo zambiri zimagwiritsa ntchito ndi a mitundu iwiri: a 2.4 GHz ndi a 5 GHz. Oyambawo amafika patali ndipo amadutsa makoma mosavutirapo, koma amakhala odzaza chifukwa Bluetooth ndi zipangizo zina zimayendanso momwemo. Achiwiriwo ndi othamanga koma safika patali. Makadi a 802.11b ndi 802.11g amamva 2.4 GHz yokha, ndipo makadi ambiri otchipa a 802.11n nawonso amathera pomwepo.

Kufufuza asanagule kanthu

Ntchito yoyamba ndi kutsimikiza ngati Wi-Fi ikusowadi. Malaputopu ambiri a zaka za m'ma 2000 ali ndi kaswitchi kutsogolo kapena m'mbali kozimitsira Wi-Fi, ndipo kamatha kusuntha kokha m'chikwama. Ena amayatsa ndi kuzimitsa Wi-Fi munthu akadina batani la Fn limodzi ndi limodzi mwa mabatani a F amene lili ndi chizindikiro cha mlongoti kapena ndege. Batani lake limasiyana malinga ndi kampani. Pa Windows 8, 10 ndi 11 palinso Airplane mode, imene ikayatsidwa imazimitsa mafunde onse. M'makina ena Wi-Fi imazimitsidwa mu BIOS, malo amene munthu amalowamo podina F2, F10 kapena batani lina laputopu ikangoyaka kumene.

Zonsezi zikakhala bwino, yankho limapezeka mu Device Manager ya Windows. Pansi pa mutu woti Network adapters pamalembedwa zipangizo zonse zolumikizira. Dzina lokhala ndi mawu oti Wireless, WLAN, Wi-Fi kapena 802.11 likusonyeza kuti kadi ilimo. Koma pakaoneka mawu oti Network Controller okhala ndi chizindikiro chachikasu pansi pa Other devices, ndiye kuti kadi ilimo koma ilibe driver, pulogalamu yaing'ono imene imathandiza Windows kulankhula ndi chipangizocho. Izi zimachitika kawirikawiri Windows ikaikidwa mwatsopano, monga momwe ogulitsa ena amachitira asanaike laputopu pamsika.

Kadi yosadziwika dzina imazindikirika ndi nambala yake. Munthu akatsegula Properties ya chipangizocho, n'kupita pa Details, n'kusankha Hardware Ids, amaona mzere wa zilembo ndi manambala. VEN_8086 ndi ya Intel, VEN_14E4 ndi ya Broadcom, VEN_168C ndi ya Atheros, ndipo VEN_10EC ndi ya Realtek. Nambala yotsatira, yoyamba ndi DEV, imatchula mtundu weniweni wa kadiyo. Ndi manambala awiriwa driver yoyenera imapezeka, ndipo vuto limatha popanda kugula chilichonse.

Njira yapafupi: kachipangizo ka USB

Kadi ikakhala kuti mulibe kapena idafa, njira yapafupi ndi kachipangizo kolowetsa pa USB, kamene m'masitolo kamatchedwa Wi-Fi adapter. Sikafuna kutsegula laputopu, ndipo kakhoza kuzulidwa n'kukagwira ntchito pa kompyuta ina. Makampani monga TP-Link, D-Link, Tenda ndi Netgear amapanga tizipangizoti, koma mkati mwake mumakhala chip chopangidwa ndi makampani ena monga Realtek, MediaTek, Ralink kapena Atheros. Chip n'chimene chimalamula driver yofunika.

Tizipangizoti tili m'magulu awiri. Ting'onoting'ono, monga TP-Link TL-WN725N ya 150 Mbps, timabisika pa laputopu ndipo sitithyoka msanga m'chikwama, koma mlongoti wake ndi waung'ono, choncho timagwira bwino router kapena foni ikakhala pafupi. Tina, monga TL-WN722N, tili ndi mlongoti wautali wakunja ndipo timakoka netiweki patali. Wophunzira amene chipinda chake chili kutali ndi router ya pasukulu apindula ndi ka mlongoti wakunja. Amene amatenga intaneti pa foni yake ili pa tebulo lomwelo akwanitsidwa ndi kakang'ono.

Malo olowetsera a USB nawonso ali ndi malire. USB 1.1 ya mu 1998 imathera pa 12 Mbps, USB 2.0 ya mu 2000 imafika 480 Mbps, ndipo USB 3.0 ya mu 2008, imene kawirikawiri imakhala yabuluu mkati, imafika 5 Gbps. Kachipangizo kothamanga kakalowetsedwa pa USB yakale kamayenda pa liwiro la USB yakaleyo. Ndiponso manambala olembedwa pa bokosi ndi liwiro lapamwamba limene chipangizo chingafike zinthu zonse zitakhala bwino. Liwiro lenileni limakhala lochepa, ndipo silingapose limene kampani ya intaneti ikupereka. Kwa laputopu yakale yodalira bandulo ya foni, kachipangizo ka 150 kapena 300 Mbps n'kokwanira. Kugula kodula ka Wi-Fi 6 n'kungotaya ndalama, makamaka poti tambiri totere tilibe driver ya Windows zakale.

Msampha wa driver

Vuto limene limagwetsa ulesi anthu ambiri ndi lakuti driver imapezeka pa intaneti, pomwe laputopu singalowe pa intaneti isanapeze driver. Windows 10 ndi 11 zimazindikira tizipangizo tambiri tikangolowetsedwa, koma Windows XP, Vista ndi 7 kawirikawiri zimafuna kuti driver iikidwe pamanja. Tizipangizo tina timabwera ndi CD, koma malo oikira CD m'malaputopu akale amakhala atafa kale. Njira yotulukira ndi kutsitsa driver pa kompyuta ina kapena pa foni, n'kuisamutsira pa laputopu kudzera pa fulashi kapena chingwe cha USB.

Potsitsa, zinthu zitatu ziyenera kugwirizana: dzina la kachipangizo, mtundu wa Windows, ndiponso ngati Windowsyo ndi ya 32-bit kapena 64-bit. Pali chachinayi chimene ambiri amaphonya. Kachipangizo ka dzina limodzi kamatha kukhala ndi mitundu ingapo, yolembedwa V1, V2 kapena V3 pa bokosi kapena pa kachipangizo kenikeniko, ndipo chip chake chimasiyana. TL-WN722N yoyamba idali ndi chip cha Atheros, pomwe zotsatira zake zili ndi cha Realtek. Driver ya mtundu wina sigwira pa unzake. Malo odalirika otsitsirako ndi tsamba la kampani yopanga laputopu kapena kachipangizoko. Masamba amene amalonjeza kupeza madriver onse nthawi imodzi amatha kulowetsa mapulogalamu osafunika ngakhalenso mavairasi.

Kusintha kadi ya mkati

Njira yachiwiri ndi kuika kadi yatsopano mkati mwa laputopu. Ubwino wake ndi wakuti kadi ya mkati imagwiritsa ntchito milongoti yobisika m'chivundikiro cha sikirini, imene imakoka bwino kuposa kachipangizo kakang'ono ka USB, komanso siitenga malo a USB. Kuipa kwake n'kwakuti imafuna kutsegula makina ndi kudziwa mtundu wa malo olowetsera. Malaputopu a kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 amalandira Mini PCI. Otsatira ake amalandira Mini PCI Express, imene ili yaitali ndi yaifupi. Atsopano amalandira M.2. Mitundu itatuyi silowana.

Asanatsegule, wokonza amazula chaja ndi kuchotsa batire, n'kugwira chitsulo china kuti magetsi osonkhana m'thupi asaononge zipangizo. M'malaputopu ambiri akale kadi imakhala pansi pa kachitseko komangidwa ndi masikuluwu kunsi kwa makina, ndipo mwa ena imakhala pansi pa kiyibodi. Pa kadi pamakhala timawaya tiwiri topyapyala, kawirikawiri kakuda ndi koyera, tolumikizidwa pa malo olembedwa Main ndi Aux kapena 1 ndi 2. Timawayati timazulidwa mokwezera m'mwamba, osati mokokera m'mbali, chifukwa timitu take timathyoka msanga. Timitu ta makadi a M.2 ndi tating'ono kuposa ta Mini PCI Express, choncho sitisinthana. Laputopu imene idatuluka ku fakitale yopanda Wi-Fi imatha kukhala ndi malo a kadi koma yopanda timawaya ta mlongoti, ndipo pamenepo USB ndiyo njira yanzeru.

Pali chopinga chinanso. Malaputopu ena akale a ThinkPad ndi HP ali ndi mndandanda wa makadi ololedwa wolembedwa mu BIOS. Kadi yachilendo ikaikidwa, makina amakana kuyaka mpaka itachotsedwa. Pa ThinkPad pamaoneka uthenga wa nambala 1802, ndipo pa HP wa nambala 104. Mwini laputopu ya mitunduyi ayenera kufuna kadi yochokera mu laputopu ya mtundu womwewo, imene imapezeka kwa okonza makompyuta amene amasunga makina akufa.

Malaputopu akale kwambiri ali ndi malo otakata m'mbali olowetsera kadi yofanana kukula ndi kadi ya kubanki koma yokhuthalirapo. Mtundu wakale umatchedwa PC Card, PCMCIA kapena CardBus, ndipo umene udaulowa m'malo kuyambira mu 2003 ndi ExpressCard. Makadi a Wi-Fi a mitunduyi adali otchuka nthawi yake, koma lero ndi osowa, ndipo akale kwambiri sadziwa njira zamakono zachitetezo. Amathandiza makamaka pa laputopu imene ili ndi USB 1.1 yokha.

Kulumikiza popanda Wi-Fi

Nthawi zina Wi-Fi siifunika n'komwe. Foni ya Android ikalumikizidwa ku laputopu ndi chingwe cha chaja chimene chimanyamulanso uthenga, n'kuyatsa USB tethering, laputopu imalandira intaneti ya foniyo kwinaku foni ikulandira moto. Windows 7 ndi zotsatira zake kawirikawiri zimazindikira izi zokha, pomwe XP imafuna driver yapadera. Njirayi ndi yothandizanso potsitsa driver ya Wi-Fi koyamba. Zingwe zina zotchipa zimangotchaja, ndipo nazo tethering siitheka.

Njira ina ndi dongle yolowetsamo simukhadi. Imeneyi imaoneka ngati kachipangizo ka Wi-Fi koma ntchito yake ndi ina: imalumikizana ndi nsanja ya kampani ya foni, osati router. Wogula ayenera kutchula bwino chimene akufuna chifukwa mawu oti dongle amagwiritsidwa ntchito pa zonse ziwiri. Ndipo pamene pali router pafupi, chingwe cha Ethernet chimakhalabe njira yodalirika koposa, poti malaputopu akale ambiri ali ndi malo ake.

Ikaona netiweki koma osalowa

Zimachitika kuti Wi-Fi ikugwira, koma laputopu siikuona hotspot imene anzake akuona, kapena ikuiona koma ikukana mawu achinsinsi olondola. Vuto loyambalo kawirikawiri ndi la mafunde: foni kapena router ikuulutsa pa 5 GHz pomwe kadi imamva 2.4 GHz yokha. Pa mafoni ambiri a Android mafundewa amasinthidwa pa malo okonzera hotspot, ndipo pa iPhone zatsopano munthu amayatsa Maximize Compatibility.

Vuto lachiwiri ndi la njira zotetezera uthenga. Yoyamba, WEP, idapezeka ndi zofooka zazikulu mu 2001 ndipo lero imathyoledwa m'mphindi zochepa. WPA idabwera mu 2003, WPA2 mu 2004, ndipo WPA3 mu 2018. Makadi akale kwambiri amadziwa WEP yokha, ndipo ambiri sadziwa WPA3. Windows XP imalowa pa WPA2 ikakhala ndi Service Pack 3, kapena Service Pack 2 yowonjezedwa pulogalamu yapadera ya Microsoft. Hotspot ikaikidwa pa WPA2, malaputopu ambiri akale amalowa. Chimene sichiyenera kuchitika ndi kubwerera ku WEP kapena kuchotseratu mawu achinsinsi pofuna kuti laputopu ilowe, chifukwa zimenezo zimatsegulira aliyense wapafupi khomo la bandulo ndi uthenga wa mwini wake. Kadi yodziwa WEP yokha ndi yofunika kuilowetsa m'malo ndi kachipangizo ka USB.

Palinso vuto limene limanamiza ambiri. Laputopu imalowa pa Wi-Fi, koma masamba onse amakana kutseguka n'kumachenjeza za chitetezo. Kawirikawiri chifukwa chake ndi tsiku lolakwika. Mkati mwa laputopu muli kabatire kakang'ono kozungulira kosunga nthawi, ndipo kakatha, makina amabwerera ku chaka chakale nthawi iliyonse akazima. Masamba amakono amakana kompyuta imene tsiku lake silikugwirizana ndi ziphaso zawo. Kukonza tsiku ndi nthawi kumathetsa vutoli kwa kanthawi, ndipo kusintha kabatireko kumalithetseratu.

Chitetezo cha makina akale

Kulumikiza laputopu yakale ku intaneti kumabweretsa chiopsezo chimene idalibe ili payokha. Microsoft idasiya kutumiza zokonza chitetezo cha Windows XP pa 8 Epulo 2014, cha Vista pa 11 Epulo 2017, cha Windows 7 pa 14 Januwale 2020, ndi cha Windows 8.1 pa 10 Januwale 2023. Tsiku lotsiriza la thandizo lanthawi zonse la Windows 10 ndi 14 Okutobala 2025. Mapulogalamu otsegulira masamba nawonso adasiya Windows zakale: Chrome yomaliza ya XP ndi 49, ndipo ya Windows 7 ndi 109. Pachifukwachi masamba ena satseguka bwino, ndipo si nzeru kulowa kubanki kapena kulemba mawu achinsinsi ofunika pa makina otere.

Njira imene ambiri amatsata ndi kuika Linux m'malo mwa Windows yakale. Mitundu yopepuka monga Lubuntu ndi Linux Mint Xfce ndi yaulere, imalandira zokonza chitetezo, ndipo imabwera ndi madriver a makadi ambiri a Wi-Fi, makamaka a Intel ndi Atheros. Makadi ena a Broadcom ndi tizipangizo tina ta Realtek timafuna kuti driver iikidwe padera. Lubuntu ndi Linux Mint zamakono zimafuna makina a 64-bit, koma antiX ili ndi mtundu wa 32-bit wa makina akale kwambiri. Linux ikhoza kuyesedwa kuchokera pa fulashi isanaikidwe, ndipo pamenepo zimadziwika ngati Wi-Fi igwira. Zikalata zonse ziyenera kusungidwa kwina ntchito yoika isanayambe, chifukwa kuika Linux m'malo mwa Windows kumafafaniza zonse.

Bandulo nayo imafuna chitetezo. Windows ikalowa pa Wi-Fi imaganiza kuti intanetiyo ilibe malire ndipo imayamba kutsitsa zokonza zake, zimene zingathe bandulo mwini wake asanatsegule tsamba ndi limodzi lomwe. Pa Windows 8, 10 ndi 11 pali malo olembedwa Metered connection, ndipo akayatsidwa pa netiweki ya hotspot, kutsitsa kwambiri kotere kumaima. Zokonzazo zikhoza kutsitsidwa tsiku lina pamalo a intaneti yopanda malire.

Pogula

Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Wogula kachipangizo ka Wi-Fi achita bwino kunyamula laputopu kupita nayo kusitolo ndi kupempha kuti kayesedwe pomwepo pa hotspot ya foni yake. Awerenge pa bokosi ngati Windows yake yatchulidwa, aone ngati kachipangizoko kamadziwa WPA2, ndipo atenge lisiti. Ngati malo amene adzaigwiritsire ntchito ali ndi netiweki ya 5 GHz yokha, afune kolembedwa kuti dual band kapena AC.

Adziwenso malire a zimene Wi-Fi ingachite. Siifulumizitsa makina ochedwa. Laputopu ya RAM yosapitirira 1 GB idzalowa pa intaneti, koma idzavutika kutsegula masamba amakono ambiri nthawi imodzi kapena kuonetsa mavidiyo. Ya 2 GB yokhala ndi Linux yopepuka imakwanitsa imelo, kulemba ndi kuwerenga, ndipo ya 4 GB imagwira ntchito zambiri za wophunzira. Ngati mtengo wa kachipangizo, batire ndi RAM pamodzi ukuyandikira mtengo wa laputopu ina yabwinopo, ndalamazo zipite ku laputopu inayo. Koma ngati chosowa ndi Wi-Fi yokha, ndondomeko yake ndi yomweyi: kuyang'ana switchi, kuyang'ana driver, kuyesa chingwe cha foni, ndipo pokhapokha zonsezi zitakanika, kugula kachipangizo ka USB.